Munthu Wachitatu

Kanali kapepala kozungulira, kukula ngati pakamwa pa kapu.
Ndinakamata ndekha pagalasi, kumanzere, m'munsi,
n'kukasisita ndi chala chachikulu kuti mpweya utuluke.
Che Ajasi anandigulitsa kuseri kwa kontena ku Ginnery Corner,
theka la mtengo, popanda kuima pamzere,
amvekere, "Bwana, inki ndi yomweyo."

Miyezi isanu ndi iwiri kanandigwirira ntchito.
Pa Kameza wapolisi ankawerama, kuwerenga tsiku, kugwedeza mutu,
ine n'kuponda moto, Sienta itadzaza anthu ndi thumba la makala,
ndikuseka chamumtima
anzanga okatula ndalama ya lendi pakauntala.
Ndinkati lamulo limangofuna kuti maso a wapolisi akhute,
ndipo ankakhutadi.

Lachinayi, mvula itangokata, potsetsereka pa Mbayani,
mabuleki anachedwa kamphindi kamodzi.
Esinati Namakhwa anali ndi beseni la mapeyala pamutu.
Ndimakumbukira mapeyalawo kuposa kukuwa kwake,
mmene anagubuduzikira mpaka m'ngalande,
ana akutola, wina n'kubweza awiri.

Ku Gulupu anati fupa la ntchafu lathyoka pawiri.
Kupolisi Sajeni Mlenga sanakweze mawu.
Anamatula kapepala kaja ndi chikhadabo,
anaimba foni, anatchula nambala pang'onopang'ono, nadikira.
Kenako: "Bambo Makwinja, nambala iyi ndi ya thirakitala
ya ku Nchalo. Mwakhala mukuyendetsa thirakitala?"
Palibe amene anaseka. Ngakhale iwo.

Anandiuza zomwe ndinkazidziwa kale:
galimoto isaponde msewu popanda inshuwalansi
yoteteza munthu wachitatu.
Zaka zonsezi mawu amenewo ndinkangowamva
ngati dzina la malo amene minibasi siima.
Woyamba ndine, wachiwiri kampani,
wachitatuyo sindinafunsepo kuti amakhala kuti.
Amakhala ku Chemusa, nyumba ya lendi kuseri kwa chigayo,
ali ndi ana atatu ndi ngongole ya banki m'khonde
yomwe siidziwa kuti mwendo uli m'chikhakha.

Chindapusa ndinalipira. Chimenecho n'chopepuka, chili ndi lisiti.
Zinazi zilibe:
mlongo wake kukhala pakhonde langa Loweruka lililonse,
chipewa pabondo, osatukwana,
kumangowerenga: ndodo zoyendera, mankhwala opha ululu,
yunifolomu ya Tikhale,
mapeyala makumi anayi ndi atatu.
Ndinagulitsa wailesi yakanema. Kenako matayala awiri atsopano.
Mkazi wanga anasiya kundifunsa,
makina ake osokera ndiwo amayankhula mpaka pakati pausiku.

Che Ajasi ndinakawafuna. Kontena ilipo,
muli mnyamata wogulitsa mayunitsi,
dzinalo sanalimvepo.

Dzulo ndinaima pamzere ku Limbe kuyambira eyiti koloko.
Mtsikana wa pakauntala anaitanitsa mapepala a galimoto,
anawerenga ndalama kawiri,
n'kundipatsa kapepala kozungulira
kofanana ndendende ndi kaja.
Inki yomweyo. Pamenepo Che Ajasi sananame.
Ndinakakweza kudzuwa kuti ndione pomwe pasiyana.
Sipaoneka.
Kusiyanako kuli kwina, m'kabati ya ofesi inayake,
mmene dzina langa lalembedwa moyang'anana
ndi munthu amene sindinamugunde,
amene mwina pano akutwika beseni,
akuyang'ana uku ndi uku.

Pagalasi patsala guluu wa kakale kaja, bwalo lotuwa.
Ndayesa palafini, ndayesa lezala.
Katsopanoka ndangokamata pambali pake.

Esinati wayamba kupondetsa phazi pansi, akutero mlongo wake,
koma akafika pamsewu amaima nthawi yaitali
ngakhale kusakubwera galimoto.